Bogi ya Feteleza Yomwe Ndinaidulitsa ku Kanengo

Ntchito ya kunjanji anandipezera ndi malume anga, omwe ankakonza njinga pafupi ndi msika wa ku Old Town. Kasitomala wawo wina, a Nkhoma, anali folomani ku Kanengo, ndipo njanji inali itangofika kumene ku Lilongwe. Ndinapita ndi kalata ya kusukulu ndi khadi la chipani, basi n'kulembedwa.

A Nkhoma anandipatsa nyundo ya mpini wautali ndi choko. Sitima ikafika, ndinkayenda bogi ndi bogi, kugogoda magudumu ndi kukhudza ndi kunja kwa dzanja bokosi lililonse lomwe mumakhala beringi, kunsonga kwa ekiselo, chitsulo cholumikiza magudumu awiri.

"Katundu yense wa m'bogi amatsamira pa timagudumu ta m'beringimu, pamalo ochepa ngati chikhadabo," anandiuza. "Chitsulo chimatopa. Chimachita timaenje, chimayamba kusupuka, bokosi n'kutentha. Ukaphonya, ekiselo idzadukira m'njira."

Ntchitoyi inali ya munthu mmodzi. Anzanga anali akuluakulu ochokera ku Limbe, odziwana kalekale, ndipo nkhani zawo sindinkalowamo. Malume atabwerera kumudzi, ndinatsala m'kachipinda kuseri kwa sitolo ku Area 2. Lamulungu ndinkachapa ovolosi, kenako n'kukaima pa mlatho wa Lilongwe kuonerera anthu odutsa.

Tsiku lina mu Okutobala kunabwera sitima ya feteleza yopita ku Mchinji. A Nkhoma anali kumaliro ku Salima. Dzuwa linatenthetsa chitsulo chilichonse, koma bokosi lina pa bogi yachisanu linandiwotcha mosiyana ndi anzake. Girisi anali atachucha, wakuda, ndipo nditamupekesa pazala ndinaona tizitsulo tonyezimira. Ndinalemba ndi choko kuti bogiyo idulidwe.

Pasanathe ola kunafika galimoto kuchokera ku City Centre. Munatsika bwana wina wa suti, baji ya chipani pachifuwa.

"Fetelezayu akudikiridwa mawa pamsonkhano. Waimitsa ndani?"

"Ndine, bwana. Beringi yatha."

"Wayamba liti ntchito iwe? Ukudziwa dzina la munthu wochedwetsa chitukuko?"

Ndinkalidziwa. Zaka zimenezo munthu akatchedwa woukira, abale ake sankafunsa komwe wapita. Ndinatembenuka kuyang'ana anzanga. Aliyense anali atapeza chochita.

"Fufuta chokocho."

"Bwana, mufufute ndinu, mulembepo dzina lanu."

Sanafufute. Analemba dzina langa m'kabuku kake n'kupita. Sitima inanyamuka yopanda bogiyo.

Masana tinaikweza ndi jeke n'kutsegula bokosi. Mbali yomwe katundu amapanikiza inali itasupuka ngati nkhanambo, timagudumu tiwiri titachita buluu ndi moto. Anzanga anaona, n'kubwerera ku ntchito zawo. Masiku atatu palibe anakhala nane pafupi pa nthawi ya chakudya, ndipo galimoto iliyonse ikaima pageti ndinkaganiza kuti abwera kudzanditenga.

A Nkhoma atabwera anayendetsa chala pa beringi ija nthawi yaitali.

"Ikadafika pa Namitete, osapitirira," anatero. "Za dzina lako ndikayankha ndine. Sitima ya Salima yalowa, pita."

Ndinapita. Palibe anabwera kudzanditenga, palibenso anabwera kudzandithokoza. Ndinakalambira pa ntchitoyi, ndipo ndinazolowera kuti ukaigwira bwino sipachitika kanthu: sitima imangofika, anthu n'kutsitsa katundu wawo, osadziwa n'komwe kuti unalipo.