Mkondo wa a Mani M'chaka cha Njala

Ndikakumbukira a Mani, ndimamva fungo la lubani losakanikirana ndi girisi wa njinga, fungo lomwe linkadutsa mpanda wa bango m'mawa uliwonse n'kudzatipeza pakhonde pathu ku Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Kenako kabelu kankalira, ndipo mawu a nkhalamba ankayamba kuyimba m'chinenero chomwe ngakhale amwenye anzawo a m'masitolo sankachimva, poti iwo kwawo kunali kummwera kwenikweni kwa Indiya. Anabwera ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, akazi awo anamwalirira konkuno, ndipo atapuma ntchito anangokhazikika, n'kumakonza njinga, maprayimasi ndi mapoto obooka. Dzina lawo linali lalitali, lilime lathu linalephera, tinangodulapo poti Mani.

Ine ndinali kamtsikana kosamva, kokonda kusuzumira pabango. M'kachipinda kawo munali chithunzi cha mnyamata wa nkhope zisanu ndi imodzi, atakwera pikoko, mbalame ya mchira waukulu wonyezimira, itaponda njoka. Kutsogolo kwa chithunzicho anazika mkondo wa mkuwa, wautali ngati mkono wa munthu wamkulu.

"Asiyatu, diso lako ndaliona," anatero tsiku lina. "Lowera pakhomo, bango lingakubaye."

Ndinalowa n'kuloza chithunzi chija. "Ameneyu ndi ndani?"

"Murugan. Mkulu wa asilikali akumwamba."

"Amapha anthu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ona mkondowu. Kunsonga n'kwakuthwa, pakati n'potambalala, chogwirira chake n'chachitali. Nzeru za munthu zizikhala choncho: zakuthwa, zotakata, zozama. Adani ake ndi mantha, dyera ndi kudzikuza. Amenewo amakhala muno." Anadziloza pachifuwa.

Ife kwathu ndife Asilamu. Amayi atamva anangoti, "Ulemu uziwapatsa, ndi akulu. Koma za zithunzizo iyayi."

Kenako kunagwa njala yaikulu ija ya nthawi ya atsamunda. Mvula inadula chimanga chisanamasule, mitsinje inasanduka mchenga. Abambo anawoloka malire kukasaka chakudya, osabweranso. Tinkadya gaga, mango osakhwima owiritsa, ndi mizu yowawa yomwe amayi ankaiviika m'madzi kuti poizoni achoke. Mlongo wanga Usufu, yemwe anali atangosiya kuyamwa, anatupa mapazi, tsitsi linafiira, mpaka anasiya kulira.

A Mani anali ndi mbuzi imodzi yowonda, yotulutsa mkaka wosadzaza n'kapu yomwe. Mwa mwambo wawo, mkakawo ankasambitsira mkondo uja. Amayi ataona zimenezi m'mawa wina, mtima unawaphulika.

"A Mani! Mkaka pachitsulo, mwana akufa kuseri kwa mpanda?"

Kabelu kanasiya kulira. Mawa lake a Mani anagogoda pakhomo pathu, kapu ili m'manja, mkaka ukadali wofunda.

"Mayi, sunakhudze mkondo, wangochoka kumbuzi. Ndamufunsa mwini wake. Wati asilikali ake ang'onoang'ono ayambe amwa, iye adikira."

Amayi analandira ndi manja awiri, nati Bismillah, n'kumudonthezera Usufu mkamwa.

Koma njala imabala mabodza. Kunayamba kumveka kuti mmwenye uja anakwirira matumba a mpunga pansi pa kachipinda kake, n'chifukwa chake ali ndi mphamvu zoyimba m'mawa uliwonse. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, amuna anabwera ndi zibonga. Kutsogolo kunali amalume anga, Che Saidi, mlongo wawo wa amayi, omwe anali atangoika mwana wawo m'manda sabata yomweyo.

"Tulukani, a Mani! Tulutsani mpunga!"

Anatuluka atavala kansalu koyera m'chiuno, phulusa pamphumi, nthiti zonse zili poyera, mkondo uli kudzanja. Amuna aja anabwerera m'mbuyo. Ine ndinabisa nkhope pachitenje cha amayi, ndikudziwa kuti magazi akhetsedwa basi. Koma a Mani anangouzika mkondo uja pansi, n'kuima pambali.

"Lowani, Che Saidi. Kumbani paliponse."

Anakumbadi. Anapeza chitini cha nandolo wofumbwa wosakwana n'dzanja lomwe. Apo m'pamene tinadziwa kuti nkhalambayo inali italumbira kwa mulungu wake kuti izingomwa madzi ndi kulawa timasamba kufikira ana a mzere wathu atakhuta. Amalume anatuluka, nakhala pansi pafumbi, chibonga chili pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe.

A Mani anakhala pafupi nawo. "Mulungu wanga atamenyana ndi chiwanda choopsa, icho chinathawa n'kusanduka mtengo wa mango. Iye anaung'amba pakati ndi mkondo, koma sanachiphe iyayi. Chibenthu china chinasanduka pikoko womunyamula, china tambala womulengezera kuti kwacha. Mdani anasanduka wantchito. Inu mwabwera ndi mphamvu, Che Saidi. Mphamvu zimenezo ndikuzifuna."

Anafotokoza kuti ku Shire asodzi akuphabe nsomba, ndipo kumadimba kuli mbatata ndi chinangwa, koma mbedza zawatha, mapoto akudontha, njinga zagona. Manja okonzera zimenezo posinthana ndi chakudya iwo anali nawo. Chomwe analibe ndi mapewa.

"Kwathu munthu akalumbira kwa Murugan amasenza mtengo paphewa, katundu uku ndi uku, n'kuyenda wopanda nsapato. Timati kavadi. Ine ndisenza wanga, koma phewa limodzi la nkhalamba silingadyetse mudzi."

Amalume ndiwo anayamba kutaya chibonga. Madzulo omwewo anadula nsungwi, ndipo m'mawa mwake ananyamuka, a Mani ali patsogolo, mbali ina ya nsungwi yawo kuli zida ndi mawaya, mbali ina mkondo wokulunga m'nsalu. Mbuzi anandisiyira ine. Ndinkaithyolera masamba a mpoza ndi kuikama, ndikuinyengerera ngati munthu.

Masiku anapita. Amayi ena anayamba kunena kuti amenewo athawa monga anathawira amuna ena onse. Amayi anga ankangoyang'ana kunjanji.

Ndiye tsiku lina masana, ndikukama mbuzi, ndinamva phokoso kutali, ngati sitima koma sinali sitima. Anali mawu a anthu. Mawu amodzi osasa ankafuula kuti, "Veli! Veli!" lomwe ndi dzina la mkondo uja m'chinenero cha a Mani, ndipo mawu ambiri ankavomera, aliyense m'njira yake: Asilamu ankati Allahu Akbar, Akatolika anali panyimbo ya kutchalitchi, zonse zikugundana n'kukhala nyimbo imodzi. Tinathamanga, ngakhale omwe miyendo inali itawakana. Tinawaona akubwera m'mbali mwa njanji, ali mbuu ndi fumbi, nsungwi zitapindika ndi katundu: milamba yowamba, makaka, mbatata, ndi timitolo ta chimanga cha mbewu. Mapewa awo anali zilonda zokhazokha. A Mani mapazi anali atang'ambika, akutsimphina, koma nsungwi yawo anakana kuti wina awalandire. Nthungululu zomwe amayi analiza tsiku limenelo sindinazimvenso kwina kulikonse.

Chakudya chitapsa, iwo anakhala pansi pa mtengo n'kumayang'ana ana tikudya. Amalume anawapempha kuti alawe, iwo anapukusa mutu.

"Usufu wadya?"

"Wadya, a Mani."

"Wakhuta?"

Amayi anabwera naye n'kuwaonetsa kamwa lake lonona. Kenako anagwada, nawapatsa mbatata yowotcha, poti nsomba sankadya. Anaibenthula, chibenthu choyamba anakachiika patsinde pa mkondo, kenako anadya pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire.

Ulendo wa ku Shire anaubwereza kangapo mpaka mvula itagwa, ndipo amuna a m'midzi ya ku Rivirivi atamva anadulanso nsungwi zawo. Mu mzere wathu simunatulukenso maliro a mwana. Usufu anakula, anakhala tate wa ana ambiri. Amalume, kufikira imfa yawo, akavula malaya pamunda ankaonetsa anyamata zipsera za paphewa monyadira ngati msilikali wochokera ku Burma.

Ine ndakalamba ndili Msilamu, ndimaswali monga anandiphunzitsira amayi. Koma adzukulu anga akandifunsa ngati ndinaonapo nkhondo ndi maso angawa, ndimawayankha kuti eya, imodzi yokha. Mkulu wa asilikali anali nkhalamba yopanda nsapato, panalibe yemwe anabayidwa, ndipo tinapambana ndife.