Mawondo a Benedicta

Ku Chembe mukafunsa za Benedicta, anthu sakulozerani nyumba, amakulozerani utsi. Kuseri kwa mathandala oyanikapo nsomba kuli mgolo wodula pakati umene umawira tsiku lonse, ndipo mayi wamfupi amene akuviika dengu la usipa m'madzi a mcherewo uku akukalipira munthu wina, ndiye mwini dzinalo. Usipa wake wofutsa amaudziwa mpaka ku Limbe. Pakamwa pake amapadziwa ndi a m'mudzi momwemo, makamaka mwamuna wake Simioni.

Benedicta anabadwira m'banja la Chikatolika chenicheni, lopemphera korona madzulo aliwonse ngakhale ana akuwodzera. Anabatizidwa ali khanda, analandira Ukaristia woyamba ali ku pulayimale, anavinapo kutsogolo kwa zopereka, analimbitsidwa bwinobwino. Zonse zinkayenda m'chimake mpaka kunatulukira Simioni.

Simioni ndi siginala, uja amakhala yekha m'kabwato ndi nyale kuitana usipa kuti anzake auzinge ndi ukonde wa chilimira. Ndi munthu wofatsa, wa mawu ozizira, wosamenya mkazi, ndipo mowa amangolawa. Matenda ake ndi amodzi basi: liwu loti lero mulibe m'kamwa mwake. Awiriwa analowana, ankhoswe anakhala pansi nkhani n'kutha, koma ku tchalitchi sanapondeko. A Blackson, akatekisiti a nthambi ya parishi ya kumeneko, anabwera kudzamuuza Benedicta mwaulemu kuti mpaka ukwatiwo udalitsidwe, kulandira Ukaristia ayambe waima. Iye anavomera mosavuta poganiza kuti ndi nkhani ya miyezi yochepa. Mwana wawo wamkazi Angel anabadwa, anakwawa, anayenda, anayamba sukulu, nkhani ikadali ya miyezi yochepa yomweyo.

Mabenchi a m'tchalitchi chawo ndi othinana. Nthawi yolandira ikakwana, amene sakupita kuguwa amayenera kupotoza mawondo kuti anzake adutse. Luso limeneli Benedicta analiphunzira mpaka mawondo ake ankachita okha nyimbo ya Ukaristia ikangoyamba. Wosesa m'tchalitchi ndi iye, wophikira Bambo Mfumu chambo akabwera ndi iye, woyambitsa nyimbo ku mphakati ndi iye, koma pa nthawi imene ija ntchito yake inali yopatsa anzake njira. Ankamudutsa anthu oti mbiri zawo akuzidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira, manja atawapinda ngati angelo. Zinkamuwawa, ndipo sankabisa kuti zikumuwawa.

Akamufunsa Simioni, yankho linkachokera kumwamba. Usipa umagwidwa mumdima, choncho mwezi ukabisala iye ndi wa pa nyanja. "Mwezi ukawala tikaonana nawo a Blackson," ankatero. Mwezi ukawala, ukonde umafuna kusoka, injini yatsokomola, kapena kwagwa maliro a mlovi mnzake ku Malembo. Pa Khirisimasi ankati adikire Pasaka, pa Pasaka ankati Khirisimasi ndiye yabwino chifukwa abale amakhala abwera.

"Sunga khosi, mkanda woyera udzavala, amake Angel," anatero tsiku lina.

"Khosi lake lachita makwinya ndikulisunga," anayankha Benedicta. "Mkandawo mudzandiveka ndili m'bokosi."

Amene anautsa mavu ndi Angel. Mwanayo anali atayamba maphunziro okonzekera Ukaristia woyamba, ndipo katekisimu ankamulakatula paliponse, potsuka mbale ndi posamba pomwe. Tsiku lina anabwera kumgolo, n'kuima phee akuyang'ana amake.

"Amayi, a Blackson akuti munthu salandira ngati ali ndi tchimo lalikulu. Inuyo munapha munthu?"

Azimayi ofutsa nawo anaseka mpaka wina anagwetsa dengu. Benedicta sanaseke. Anapukuta manja pachitenje, n'kulunjika pansi pa mtengo pamene Simioni ankasoka ukonde, chala chakuphazi chitakola chingwe.

"Bambo a Angel, sindinaphe munthu, koma lero nditha kuyamba. Mwana uja akulandira chaka chino. Tsiku limenelo ine ndiima pambuyo pake pamzere, ndilandira naye limodzi. Zikakanika, ndinyamula mgolo wanga ndi mwana wanga, muziphikirana ndi mwezi wanuwo."

Simioni anamuyang'ana, n'kuona kuti lero fisi walowa m'khola. Loweruka lotsatira anapezeka pa maphunziro a banja atavala malaya a kolala. Ankawodzera, inde, moti a Blackson akafunsa funso Benedicta ankachita kumugunda ndi chigongono, koma ankapita. Tsiku lolengeza ukwati wawo koyamba, a Blackson atawerenga kuti ngati alipo wodziwa choletsa anene, mayi wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti choletsa chake ndi mwini wake yemweyo. Tchalitchi chonse chinagwedezeka ndi phwete, Simioni naye akuseka nawo ngati akunena wina.

Mtima wa Simioni unali pansi chifukwa ankadziwa chinthu chimodzi chimene mlovi aliyense amadziwa, kuti Pasaka imagwa mwezi uli mbee, maboti onse ali pamtunda. Ankaganiza kuti ukwatiwo udzadalitsidwa nthawi imeneyo. Koma pa Pasaka penipeni Bambo Mfumu amakhala ku parishi, kunthambi amazungulirako pambuyo pake. Uthenga unabwera woti ku Chembe adzafika patatha masabata awiri: Loweruka kudalitsa maukwati, Lamulungu ana kulandira. Simioni atamva anakweza maso kumwamba masanasana, ngati mweziwo auona.

"Umenewo ndi mdima weniweni," anatero.

"Ukhale mdima, kukhale chivomezi, Loweruka limenelo muli pano."

Pasaka inadutsa bwino. Alovi onse anadzaza tchalitchi atadzola mafuta, ng'oma zinalira, Angel anavina kutsogolo ndi anzake atamanga timipango m'manja, ndipo kunyumba kunali mpunga ndi nkhuku. Benedicta anapotoza mawondo pa mapemphero a tsikulo mwachizolowezi pamene anthu ankatuluka kukapereka zopereka, mumtima akuwauza mawondowo kuti apuma posachedwa. Madiresi awiri oyera anali kale m'sutikesi, lalikulu ndi laling'ono, osokedwa kuchokera pa nsalu imodzi.

Mwezi utayamba kuchedwa kutuluka, mbiri inamveka yoti usipa wagwa tsidya la ku Makanjira. A Dyson, eni boti, anati aliyense akwere. Benedicta anamupeza Simioni akumanga mabatire a nyale m'thumba.

"Mukupita kuti?"

"Pafupi pompa. Lachinayi ndabwera, zikavuta Lachisanu."

"Ku Makanjira ndi pafupi? Siginala mulipo nokha m'Chembe muno?"

"A Dyson akandichotsa, tidya diresi loyeralo? Musadandaule, amake Angel, nyanja ndimaidziwa."

Nyanjayo ndiye sinkamudziwa iye. Lachinayi kunayamba mwera, uja amati ukadzuka ngakhale boti la injini limakhala pansi ngati nkhuku yonyowa. Lachisanu unakula. Benedicta anaimba foni mpaka batire kutha, akungomva mayi wa m'foni uja akuti nambalayo siikupezeka. "Ndikudziwa kuti sakupezeka," anamukalipira mayiyo, "ndakhala naye zaka zonsezi."

Loweruka anavalabe diresi lake. Anati kaya, mwina munthuyo atulukira. Anakhala pa benchi yakutsogolo pamodzi ndi maanja ena, pambali pake pali mpata wa munthu mmodzi, fumbi la mwera likulowa pa mawindo. Analapa, anagwada, anadikira. Bambo Mfumu atafika pa iye anayang'ana mpatawo, n'kuyang'ana a Blackson.

"Mwamuna ali pa nyanja, Bambo," anatero a Blackson motsitsa mawu.

Anzake anavekana mphete, nthungululu zikulira, iye akuomba nawo m'manja ndi nkhope ya munthu amene waluma tsabola. Atafika kunyumba anavula diresi lija, n'kuyamba kusefa thobwa la mawa mwaukali moti sefa inabooka. Anatukwana mwera, anatukwana usipa, anatukwana a Dyson ndi boti lawo, kenaka anakumbuka kuti walapa m'mawa womwewo, n'kupsa mtima kawiri.

Lamulungu m'mawa anamusambitsa Angel, kumudzoza, kumuveka diresi ndi nsapato zobwereka zimene anazifinyira nyuzipepala kutsogolo. Mwanayo anakana kukakhala ndi anzake kutsogolo mpaka nthawi itakwana, anati akhala ndi amake. Benedicta anavala nsalu yake ya chigwirizano cha amayi ya masiku onse, n'kukhala pa malo ake a masiku onse, kumapeto kwa benchi.

Ulaliki uli mkati, anamva fungo. Fungo limenelo akanalizindikira ngakhale pakati pa msika wa ku Limbe. Anatembenuka, ndipo pa windo panali nkhope ya Simioni, yotuwa ndi fumbi mpaka nsidze. Anamva pambuyo pake kuti munthuyo anasiya boti ku Makanjira Lachisanu, n'kukwera pamwamba pa matumba a nsomba mu lole imene inathyoka sipuling'i isanafike ku Malindi, ndipo anachita kulumikiza ndi kabaza kuchokera ku boma. Pa nthawiyo Benedicta sankafuna kumva za masipuling'i. Anamuponyera diso limodzi, nkhope ija n'kutsika pang'onopang'ono kuseri kwa khoma.

Nyimbo ya Ukaristia inayamba. A Blackson anakodola ana aja kuti afole. Angel anaimirira, manja atapinda, n'kupeza kuti njira yatsekeka, chifukwa kwa nthawi yoyamba mawondo aja sanachite okha.

"Amayi, ndidutse," ananong'ona.

Benedicta anawapotoza. Diresi la mwana wake linakhudza nsalu yake podutsa. Anamuona akuyenda mosamala kuti nsapato zingavuke, anamuona akutambasula timanja, anamva "Amen" wake wokweza kuposa wa ana onse. Anakondwa, ndipo analira, ndipo sankadziwa kuti misozi yake ndi ya chiti. Kenaka anadutsa akuluakulu, ndipo anawapatsa njira onse. Ku nthambi kulibe tabenakulo yosungiramo Ukaristia, choncho zotsala Bambo Mfumu anazidya okha pa guwa, n'kupukuta mbale ija mpaka mbee, Benedicta akuyang'ana.

Misa itangotha sanadikire zithunzi. Anazungulira tchalitchi, n'kumugwira Simioni pa dzanja monga amagwirira mwana wothawa jakisoni, mpaka pamene Bambo Mfumu ankamangirira chikwama pa njinga yamoto.

"Bambo, munthu uja ndi uyu. Musayatse njingayo. Mukangochoka, munthuyu mudzamuonanso pa ukwati wa Angel."

Bambo Mfumu anamuyang'ana Simioni kuyambira ku kabudula wong'ambika mpaka ku mamba a nsomba amene anamatirira m'tsitsi. Anafunsa a Blackson ngati zonse zinalongosoka, iwo n'kuvomera kuti chosowa chinali munthuyo basi.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, a Simioni," anatero Bambo akumasula chikwama. "Tiyeni, muyambe mwalapa. Mayi, inunso muli ndi chowonjezera pa za dzulo?"

"Chilipo, Bambo. Chambiri."

Ukwati wa Benedicta unadalitsidwa dzuwa lili paliwombo, mkwatibwi atavala nsalu ya chigwirizano, mkwati wamwamuna atabwereka jekete la a Blackson limene manja ake analekeza m'zigongono. Diresi loyera linali kunyumba pachingwe. Anthu amene anali atayamba ulendo anabwerera kudzaonerera, ndipo atafunsidwa Simioni ngati akulola, mayi wa kumbuyo uja anati ayankhe msanga mwezi usanalowe. Wa diresi loyera pa ukwatiwo anali Angel yekha, ataima pakati pawo akutsina mphuno.

Zitatha, Benedicta anagwada pomwepo, n'kutambasula manja. Bambo Mfumu anagwira njakata.

"Pepani mayi, palibe chatsala. Mudzalandira ndikadzabweranso."

"Liti, Bambo?"

"Mwina pa Pentekoste, mwina kupitirira. Nthambi zachuluka."

Anadzuka, n'kusasa mawondo. Popita kunyumba Simioni ankayenda kumbuyo patali ndithu, atanyamula nsapato za Angel, akuyesa kufotokoza za sipuling'i kwa aliyense wofuna kumva. Angel anagwira dzanja la amake, akuwayang'ana kumaso kawirikawiri.

"Amayi, musadandaule," anatero. "Sizikoma n'komwe. Zimangomatirira kumwamba kwa m'kamwa."

"Ndikudziwa," anayankha Benedicta.

Anayenda pang'ono, akuyendetsa lilime m'kamwa mwake, n'kupeza kuti wanama pa tsiku la ukwati wake. Kakomedwe kake anali ataiwala.