Mabowo Awiri Pansi pa Mpando wa Ansembe

Kwathu kuno kumapiri munthu amabadwa, kukula mpaka kuikidwa m'manda osaonapo boti. Choncho chaka chimene abwenzi a parishi yathu a kunja anatumiza boti la injini, anthu anachokera mpaka ku Chisepo kudzaliona, ena n'kumaligogoda ndi chala ngati akugula mtsuko. Linali loyera, lokhala ndi mzere wobiriwira m'mbali, lokwana anthu asanu ndi atatu. Mtsinje wathu ukadzaza m'dzinja, odwala ndi amayi oyembekezera a kutsidya ankazungulira tsiku lathunthu kuti akapeze mlatho. Botilo linabwera kudzawaolotsa amenewo, komanso ansembe akamapita kukachita Misa kutsidyako.

Woyendetsa anasankhidwa achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi. Panalibenso wina woti n'kupikisana nawo, chifukwa iwo okha ndi amene anakhalapo ku Nkhotakota akuyendetsa maboti a asodzi. Kumeneko anabwerako ndi luso, komanso ndi ludzu. Anamwa kachasu mpaka banja linatha, ana n'kumawaimba nyimbo m'njira. Pamene botilo linkafika n'kuti atasiya mowa zaka ziwiri, koma anthu anali asanaiwale. Botilo ndi limene linawabwezera ulemu. Ankalitsuka ngati mbale ya mlendo, ndipo amayi amene kale ankawathawa anayamba kuwagwadira popereka moni. Ndinkanyada nawo, sindibisa.

Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga, pakashedi kanga m'mbali mwa msewu wopita ku Chisepo. Ndimakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wanga, ndipo malo amene panali nyumba yanga, munda wa fodya ndi dimba, zonse anandilozera ndi malume ake a mkazi wanga. Bambo amenewa ndi amenenso anali wapampando wa komiti ya tchalitchi chathu.

M'dzinja lachiwiri boti linayamba kulowa madzi. Poyamba anali ochepa, ongonyowetsa mapazi, koma pofika mu Febuluwale munthu mmodzi ankayenera kukhala akukapa ndi chigubu chodula ulendo wonse. Chodabwitsa chinali chakuti likagona padooko usiku wonse, m'mawa linkapezeka louma. Madzi ankalowa pokhapokha achimwene akanyamula anthu. Pakamwa pa anthu sipachedwa. Ena anati ayambanso kumwa ndipo analiombetsa pamwala, ena anati amanyamulira mabelo a fodya mobisa mpaka lang'aluka pansi. Akomiti anaitanitsa msonkhano wa Lamulungu likudzalo, mapemphero akatha, kuti aone ngati achimwene apitirize kuyendetsa kapena alandidwe.

Lachinayi m'mawa anandipeza pashedi.

"Mphwanga, iwe umadziwa kusaka pobooka," anatero. "Tiye ukandithandize. Ine ndikanena ati ndikunama, koma iwe ndiwe mmisiri, akumvera."

Ndinatseka shedi, n'kutenga chubu chakale, guluu womatira matayala, sopo wochapira wamtanda ndi thumba la phulusa. Za maboti sindinkadziwa kanthu, koma pobooka ndi pobooka basi. Chubu umachimiza m'madzi kuti uone potuluka mpweya, ndiye ndinaganiza kuti boti lifunika kuliumitsa kuti uone polowa madzi.

Tinalikokera kumtunda, n'kulipendeketsa. Pansi pake panalibe ndi kachipsera komwe ka mwala. Achimwene anasisita ponse ndi chikhatho, akundiyang'ana kuti ndione bwino. Tinayang'ana chotsekera cha bowo lotulutsira madzi kumbuyo, chinali cholimba. Tinagwedeza mabawuti a pathabwa pomangirira injini, sanasunthe. Kenaka tinalipukuta ndi masaka, kulisiya padzuwa mpaka linauma gwa, ndipo ndinawaza phulusa m'kati monse, mopyapyala.

Tinalibwezera m'madzi lopanda kanthu, n'kukhala pagombe kudikira. Phulusa linakhalabe loyera. Achimwene analiza injini, kuzungulira pang'ono ali okha, phulusa osasintha. Pamenepo ndinakumbukira zimene anthu ankanena, zakuti limalowa madzi likanyamula anthu. Tinadzaza mchenga m'matumba a feteleza, n'kuwasanja m'boti limodzilimodzi, tikuona mzere wobiriwira uja ukutsikira m'madzi. Utangomira, achimwene analizanso injini. Sipanatenge nthawi, kamzere kakuda kanayamba kuyenda m'phulusa, kakuchokera pansi pa mpando wa ansembe.

Mpando umenewu sunabwere ndi boti. Botilo linali ndi mabenchi ake opanda choyedzamira, ndipo malume aja anaona kuti n'chipongwe kuti ansembe azikhala ngati ali pangolo. Anaitana kalipentala wa m'mudzi mwawo kuti akhome mpando wa mlombwa, wachoyedzamira, iwo ataima pomwepo akulozera. Achimwene tsiku limenelo anali kumaliro, ndipo atabwera anangopeza anthu akuyamikira. Kalipentala anagwiritsa misomali yopota, yaitali ngati ya chitseko, ndipo iwiri inaboola khoma la boti n'kutulukira kunja. Iye anangopala nsonga zake, n'kupaka penti wobiriwira pamwamba, pamzere penipeni. Boti likakhala lopanda katundu, mabowowo ankakhala pamwamba pa madzi. Likalemedwa ankamira, ndipo kunjenjemera kwa injini kunali kutawakulitsa mpaka timing'alu tinayamba kutuluka m'mbali mwake.

Achimwene anakhala pansi pamchenga n'kuseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu.

"Waona? Mwala wanga ndi umenewu," anatero.

Ndinachotsa mpando uja. M'mabowo ndinakhomeramo tizikhomo ta mtengo wouma nditatikulunga ndi mphira wa chubu, kuti tikanyowa tifufume. Kunja ndinapala penti, n'kumata zigamba ziwiri za chubu ndi guluu, ndipo m'timing'alu ndinakanyiramo sopo mpaka chala chinatentha. Tinayesanso ndi matumba aja, phulusa latsopano linakhala louma. Ndinawauza achimwene kuti zimenezi n'zongogwirizira, sabata ziwiri kapena zitatu, chifukwa sopo amasungunuka ndipo guluu wa njinga sanapangidwire madzi. Pankafunika mmisiri weniweni wa maboti, wobwera ndi mankhwala ake omatira. Misomali iwiri ija ndinaiika m'thumba la malaya kuti ndikaionetse kumsonkhano.

Padooko sipasowa maso. Loweruka masana, ndikusoka fodya m'chigafa, ndinaona malume aja akubwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Mkazi wanga anawayalira mphasa, n'kukhala chapatali. Sanatchule za boti poyamba. Anayamikira fodya wanga, anati masamba ake ndi aakulu, nthaka ya malo ano siinamiza munthu. Anafunsa za dimba, n'kunena kuti adzukulu awo ena akula ndipo akuwavutitsa kufuna malo olima, koma iwo amawauza kuti mkamwini uyu ndi munthu waulemu, asamusokoneze.

"Ndamva kuti mwatikonzera boti, bambo," anatero pomaliza. "Mwachita bwino. Mawa mukangowauza anthu kuti mwatseka. Zinazo n'zongochititsa manyazi mpingo pamaso pa azungu amene anatithandiza."

Atachoka, mkazi wanga sanandiyang'ane. Anangoti, "Ana athu ndi anayi, bambo. Mukaganize bwino." Sindimuimba mlandu. Iye ananena zimene ankaopa, ndipo sanandigwire pakamwa.

Akulu amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ine ndinaopa. Lamulungu tinakhala m'kalasi ya katekisimu, akomiti kutsogolo, achimwene pabenchi lawolawo ngati wakuba. Anavala jekete lawo limodzi lija, ndipo nditalowa anandimwetulira. Wapampando anatsegula ndi pemphero lalitali lopempha kuti choonadi chioneke. Kenaka anandiitana.

Ndinaimirira. Ndinafotokoza za phulusa, za matumba a mchenga, za chubu ndi sopo, ndipo anthu ankagwedeza mitu posangalala ndi nzeru zanga. Ndinanena kuti panali mabowo awiri m'mbali mwa boti ndipo ndawatseka mongogwirizira. Mayi wina wa kutsidya, amene mwana wake anabadwira kuchipatala chifukwa cha botilo, anafunsa funso limene aliyense ankalidikira.

"Nanga chinaboola n'chiyani?"

Misomali inali m'thumba langa, ndinkaimva ikundikanda pachifuwa. Ndinayang'ana wapampando, iwo akuyang'ana padenga.

"Pamenepo sindingadziwe, mayi," ndinatero. "Ine ndinangopeza pobooka."

Achimwene anadzuka n'kunena zonse, za mpando, za kalipentala, za penti. Mawu awo ankanjenjemera, ndipo munthu amene anamwapo akanjenjemera mawu, anthu amamva zina. Wina kumbuyo anati, "Mng'ono wawo yemwe sakuwavomereza." Wapampando anafunsa modekha ngati ndi bwino munthu kunyoza mpando wa ansembe pofuna kudziyeretsa. Kalipentala sanabwere n'komwe tsiku limenelo. Achimwene anatembenuka kundiyang'ana, akudikira, ndipo ine ndinali kuwerenga ming'alu ya pansi pa simenti. Sanandiitane. Akanandiitana mwina ndikanayankhula, kapena mwina ndimangodzinamiza choncho kuti ndipeze tulo.

Anawalanda botilo tsiku lomwelo, n'kulipereka kwa mdzukulu wa wapampando, amene anaphunzira kuliza injini masiku atatu. Mpando wa ansembe anaubwezeramo, ulendo uno ataumanga ndi zingwe, zimene zinandionetsa kuti onse akomiti ankadziwa bwino chimene chinaboola. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Za mmisiri wa maboti palibe anazikumbukanso, poti boti linali louma ndipo alendo a kunja atabwera analijambula likuwala. Zigamba zanga zinagwira kupitirira pamene ndinkayembekezera, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa luso langa ndi limene linaphimba bodza langa.

Zigambazo zinamatuka kumapeto kwa dzinja lomwelo, boti litanyamula anthu ndi matumba a chimanga. Mwamwayi linali pafupi ndi gombe, anthu anatuluka madzi ali m'chiuno, koma injini inamira ndipo siinalirenso. Analikokera kuseri kwa tchalitchi, kumene lili mpaka pano, nkhuku zikuikiramo mazira. Anthu a kutsidya anabwerera kozungulira pamlatho. Pamaliro ndi pamsika ndimamvabe ena akunena kuti botilo analiononga ndi chidakwa uja, ndipo ndimangokhala chete monga ndinazolowera.

Munda ndidakali nawo. Fodya amabereka bwino ndithu, malume aja sananame. Iwo anamwalira ndi ulemu wawo wonse, kwaya zitatu zinaimba, ndipo ine ndinali m'gulu la onyamula bokosi.

Achimwene sanabwerere ku mowa, ngakhale anthu ambiri ankayembekezera, ena mwina ankafuna kumene. Anangosiya kupita kutchalitchi, n'kuyamba kugula mtedza m'midzi kukagulitsa ku Chisepo panjinga. Tikakumana amandipatsa moni, amafunsa za ana, pamaliro timakhala mphasa imodzi. Za tsiku lija sanazitchulepo, ndipo ine ndakhala ndikukonza mawu opepesa zaka zonsezi osawatulutsa.

Chaka chatha, m'mwezi wa Juni, ndinawaona akubwera mumsewu akukankha njinga, tayala lakumbuyo litaphwa, thumba la mtedza lili pakaliyala. Kuchokera pashedi panga kukafika kwa wokonza njinga wina ndi mtunda wa ola lathunthu, ndipo pali chitunda. Anandipatsa moni osaima. Ndinathamangira kumsewu, n'kugwira chishalo.

"Achimwene, bweretsani ndimate. Sindichedwa."

Anayang'ana dzanja langa mpaka ndinalichotsa.

"Kumata umatha, mphwanga, sindikukana," anatero. "Koma ine ndikufuna woti akandiuzenso chimene chaboola."

Anapitiriza kukankha njinga yawo kukwera chitunda, ndipo ine ndinabwerera pashedi.