Tsiku Limene Chitenje Chinafuna Kundimiza M'chipululu

Abale anga, nkhani iyi sindinaimve kwa munthu, inandichitikira ine ndemwe, ndipo amene timapemphera limodzi kuno ku Barking akudziwa kuti ine sindithira mchere pa nkhani. Wokayika akafunse mlamu wanga, amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka asanandipatse moni.

Zinali m'zaka zija tinali titangozolowera kumene moyo wa mu London, ine ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Ilford. Ntchito yake ambiri mukuidziwa: kudzutsa, kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kenako kukwera basi kubwerera kunyumba msana ukuwawa, kamvula kakuwaza ngati kosafuna kugwa. Mng'ono wanga, yemwe ndi nesi, anali atachoka ku Tottenham ndi mwamuna wake kupita ku America, kutauni ina yaing'ono ya m'chipululu, ndipo anandiumiriza kuti nditenge holide ndikaothe dzuwa lenileni. Viza itatuluka ndinavina ndekha m'khitchini, mbale zili m'manja.

Dziko lake ndi louma gwa, miyala yofiira ndi tizitsamba ta minga basi, mtengo woti munthu n'kuusapo osauona. Ndiye atandiuza Loweruka lina kuti tikupita kosambira, ndinawafunsa ngati akufuna tikasambe fumbi ngati nkhuku. Koma titatsika galimoto m'mphepete mwa tauniyo, ndinangoti kukamwa yasa. Pakati pa miyala youmayo panali dziwe lozungulira ngati lichero, madzi ake a buluu, oyera mbee, ochokera m'kasupe wotumphuka pansi pa nthaka. Anthu ankalumphiramo kuchokera pathanthwe akukuwa ndi chimwemwe, ena atavala zakuda ndi masilinda a mpweya kumsana ankalowa pansi n'kusowa. Misozi inandilengeza, chifukwa ndinakumbukira mdzakazi uja wa m'Malemba amene anali atataya mtima m'chipululu ndi mwana wake, Mulungu n'kumutsegula maso kuti aone chitsime. Si ndinkangowerenga? Tsiku limenelo ndinaona ndi maso.

Mng'ono wanga anali atandigulira chovala chosambira, koma ine mayi wa mpingo ndingaonetse ntchafu pamaso pa mlamu ndi amuna achilendo? Ndinachivala ndithu, koma pamwamba pake ndinamanga chitenje m'khwapa, mfundo yake yolimba, monga tinkachitira kumtsinje kwathu. Mng'ono wanga anandichonderera kuti ndivule, ine ndinakana, ndipo mlamu anati ndikungosowa ndowa pamutu kuti ndikatunge.

Tsono mumvetse: ife amene tinakulira kumtsinje wa Linthipe tili ndi lamulo limodzi la madzi. Akakhala akuda kapena a matope, opa, ndi akuya ndipo mwina muli ng'ona. Ukamaona timiyala pansi, lowa, safika ndi m'chiuno momwe. Lamulo limeneli silinandinamizepo chibadwire. Ndinatsikira pamwala wina wosalala wa m'mbali, madzi akulekeza m'chiuno, ozizira mpaka m'mano, ndipo chisangalalo chitandikwana ndinayambitsa kolasi. Mng'ono wanga ndi mlamu ali pamtunda anayamba kuvomera akuwomba m'manja, mlamu kamera ili pakhosi. Nditayang'ana kutsogolo ndinaona timiyala toyera pansi, tikuoneka pafupi ngati ndingatitole ndi zala za kuphazi, ndipo ndinaganiza zotolako kamodzi kuti ndikawaonetse amayi a ku Barking. Ndinaponya mwendo.

Pansi panalibe.

Chitenje chinayamba chafufuma n'kundiphimba kumaso, kenako chinatsika n'kundikulunga miyendo ngati mtembo. Kusambira kwanga kunali kwa galu, kodalira kupalasa ndi miyendo, ndipo miyendoyo inali itamangidwa. Ndinavuuka kamodzi manja ali m'mwamba, mawu osatuluka chifukwa kukamwa kunali kutadzaza madzi, ndipo mukudziwa chimene ndinamva? Nthungululu! Abale anga aja amandidziwa kuti nyimbo ikandilowa mumtima ndimakweza manja, ndiye ankaona ngati ndadzazidwa ndi mzimu. Mlamu ankafuula ameni, kuwomba m'manja kukukulirakulira, ine ndikufa. Ndinamiranso.

Pansi pa madzi ndi pa zii, abale. Ndinkaona kuwala kwa dzuwa kukutalikira pamwamba, chifuwa chikutentha ngati ndameza makala, ndipo ndinaganiza za ana anga amene ndinawasiya ndi mnzanga ku Barking, kuti adzauzidwa kuti mayi awo anamira m'chipululu, nkhani yoti ngakhale pamaliro anthu sangaimvetse. Pemphero lalitali panalibe, ndinangolira mumtima ngati wophunzira uja wa m'Malemba amene anayamba kumira atachotsa maso pa Mbuye wake.

Ndiye ndinaona chinthu chakuda chikukwera kuchokera pansi, maso aakulu ngati mbale, thovu likutuluka kukamwa, mapazi otambalala. Munthu wa ku Linthipe angaganize chiyani? Ng'ona! Mphamvu zotsala ndinazithera pochimenya ndi maondo ndi zigongono. Chinthucho chinandizungulira, n'kundigwira chakumbuyo, mkono kudutsa pachifuwa, n'kunditsamiritsa pa icho. Apo thupi langa linazindikira mutu usanazindikire, chifukwa umo ndi momwe ine ndimachirikizira agogo a kuntchito akamaopa kuterereka posamba, ndikuwauza kuti asalimbane nane, angotsamira. Ndinaleka kumenya. Ndinatsamira.

Nditasanza madzi pamwala, mng'ono wanga akulira n'kumandisisita kumsana, ng'ona yanga inavula magalasi ndi chipewa. Anali mayi wokalamba, tsitsi loyera ngati thonje, nkhope ya makwinya, wamkulu kuposa ena amene ndimawadyetsa phala ndi supuni ku Ilford. Anali akuseka. Anati ndimamenya ngati bulu, ndipo anafuna kudziwa chifukwa chake abale anga ankaimbira munthu womira. Anafotokoza kuti dziwelo ndi lakuya ngati nyumba yosanjikizana kambirimbiri, kuti ndi kuyera kwa madzi kumene kumakweza timiyala tija m'maso. Mlamu anati iye ankadabwa kuti mzimu wanditsikira msanga chotere pa vesi yoyamba, ndipo tonse tinaphulika kuseka, ine ndikutsokomola, misozi ndi madzi a m'mphuno zikutsikira limodzi.

Agogo ondivuula aja anakana kuti ndichoke ndi mantha. Anamasula okha mfundo ya chitenje, anachiyamikira maluwa ake mpaka ndinawapatsa, kenako anandiveka jekete yoyandamitsa n'kundigwira dzanja kubwerera m'madzi. Za ntchafu ndinali nditaziiwala. Ndinagona chagada pakati pa dziwe lija, thambo pamwamba, kuya konse kuja pansi panga, ndipo ndinamaliza kolasi yanga ija mpaka kumapeto. M'moyo mwanga sindinapepukidwepo ngati masana amenewo.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti Mulungu anali atatsitsiratu mayi uja pansi pa madzi ine ndisanaponye mwendo, ndipo anasankha dala wa imvi, kuti ine wonyamula okalamba ndilawe kunyamulidwa ndi wokalamba. Chibwererere ku Ilford, agogo akandikanda kapena kundimenya posamba sindikwiya, ndikudziwa momwe wokuthandiza amaonekera ngati ng'ona ukakhala ndi mantha.

Mlamu anajambula chithunzi nthawi ija ndinavuuka, ndipo chili pakhoma kwanga. Alendo amati ndikuoneka wodzala ndi chisomo. Ndiye ndikuchenjezeni, inu a kumtsinje anzanga: lamulo la madzi a kwanu lisiyeni kwanu, chitenje chisiyeni pamwala, ndipo mukaona mbale wanu wakweza manja ali m'madzi, yambani mwamuvuula, ameni adzabwera pambuyo.