Nsalu ya asekulu yapita ndi mlendo

A Kachingwe, aphunzitsi a mbiri yakale pasekondale ina kuno ku Nkhamanga, anatenga nsalu ya maliro ya banja lathu n'kuipereka kwa mzungu ngati mphatso. Ndayamba ndi dzina lawo dala, kuti pasakhale wofunsa kuti sabata ino ine Mhango wa kabaza ndapsera mtima ndani.

Nsaluyo si yogula m'sitolo. Ndi theka la palachuti, chiambulera chija ndege zimagwetsera katundu pansi. Asekulu anga, bambo awo a atate, anabwera nayo kuchokera ku Burma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Anawatenga ali mnyamata kuti akamenyere Mngelezi nkhondo yolimbana ndi Ajapani. Ankatiuza kuti kunkhalango kumeneko mvula inkagwa osapumira, misewu inasanduka phala, magalimoto anakanika, ndipo chakudya chinkachokera kumwamba. Ndege za Amereka zinkauluka motsika n'kumataya matumba a mpunga ndi zitini za nyama.

Mnzawo wina wa ku Nchenachena, amene anakwera naye sitima imodzi, anadwala n'kufera konko. Bokosi kunalibe. Anadula palachuti pakati, theka n'kumukulungamo, theka linalo asekulu n'kulipinda m'chikwama. Atabwerera kumudzi analamula kuti aliyense wa pabanja pathu akamwalira, nsaluyo izifunda bokosi kuchokera kunyumba mpaka kumanda, n'kuichotsa asanatsitse m'dzenje. Inafunda agogo aakazi. Inafunda asekulu eni ake. Inafunda atate anga ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, chaka chimene ndinasiya sukulu. Inasuluka kalekale, ili ndi zigamba ziwiri, koma pamaliro athu palibe amene amanyamula bokosi isanafike.

Mbali yanga ndiivomere, musadzati ndabisa.

A Kachingwe ndimawanyamula panjinga yamoto akamapita kuboma. Ulendo wina ndinawakambira nkhaniyi, ndiye sabata yatha anandiitana kuti sukulu ikulandira alendo a ku Amereka amene anathandiza kufolera laibulale, ndipo akufuna kuwaonetsa zinthu zakale za nthawi ya nkhondo. Anati ndiwabwereke kwa tsiku limodzi lokha. Ine wolekera Folomu 1, kumva munthu wa digiri akupempha chinthu cha m'nyumba mwathu, mutu unakula. Mwini kusunga nsaluyo ndi ankhazi anga, mlongo wawo wamkulu wa atate, koma iwo ali gone kuchipatala mwezi wachiwiri tsopano. Ndinatsegula thiranki yawo osapempha munthu.

Lachiwiri alendo anafika. Ine sanandiitane, ndinali kumsewu kudikira makasitomala. Zimene zinachitika anandiuza ndi aphunzitsi ena aakazi amene zinawanyansa. Nsalu inayalidwa patebulo, pambali pake kapepala kolembedwa kuti palachuti ya Amereka ya nkhondo yachiwiri. Dzina la asekulu panalibe. Pakati pa alendowo panali bambo wina wachikulire amene atate ake ankagwira ntchito m'ndege zomwezo zogwetsa chakudya. Atagwira nsaluyo analira. A Kachingwe, poona misozi ya mzungu, anaipinda n'kumupatsa, amvekere yabwerera kwawo. Akuti mkuluyo anafunsa kawiri ngati eni ake avomera. A Kachingwe anamuyankha kuti eni ake sadziwa n'komwe kufunika kwake. Ana asukulu anaomba m'manja.

Mzunguyo ndilibe naye mlandu. Anafunsa. Ndipo ndege za kwawo zinadyetsadi asekulu, pakanapanda izo mwina ine kulibe. Anyamata a ku Amereka nawonso anafa ambiri, ndikudziwa.

Koma tiyeni tiione bwino mbiri imene a Kachingwe amanyadira. Ndaimva kambirimbiri ali kumbuyo kwanga panjinga, mpaka ndinailoweza. Nkhondo inayamba mu 1939. Amereka anayamba aonerera kaye, akutumiza zida kwa anzawo, mpaka Ajapani atawaphulitsira zombo ku Pearl Harbor kumapeto kwa 1941. Apo ndiye analowa ndi mphamvu zonse, ndege, zombo, mafakitale, n'kudzamaliza ndi mabomba awiri aja a atomiki. Akafika pamenepa a Kachingwe mawu amakwera ngati anali pomwepo.

Chabwino. Amereka anamenyedwa pakhomo pake, anali ndi chifukwa chokwiyira. Nanga Mjapani anaponda munda wa ndani kwathu ku Bolero? Mnyamata wa ku Nchenachena uja analakwirana naye chiyani munthu amene dzina la dziko lake analimvera m'sitima? Amereka anasankha tsiku lolowera nkhondo. Asekulu sanasankhe kanthu. Anabwera ndi chifuwa chosatha ndi theka la nsalu.

Pitani pasukulu iliyonse, mufunse ana kuti Amereka analowa liti nkhondo. Manja akwera. Kenaka muwafunse dzina limodzi la munthu wa m'boma lino la Rumphi amene anagona ku Burma. Muona akuyang'anana. Si kulakwa kwa ana. Anawaphunzitsa kuti nkhondo imeneyi inali ya eni ndege, ife tinali onyamula katundu pamalo pamene kamera sinkafika. Ndiye n'zodabwitsa kuti mphunzitsi akaona palachuti amaona ndege imene inaigwetsa, osaona manja amene anaitola?

Ndipo si a Kachingwe okha. Tili ndi matenda pankhani ya alendo, makamaka akhungu loyera. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye tim'sangalatse. Ndikuvomera. Koma nkhuku yophera mlendo imachokera m'khola mwako, osati mwa mnansi. Ndaonapo ng'oma ya gule wa vimbuza ikukwezedwa m'galimoto mwini wake ali kudimba. Ndaonapo mpando wa agogo a munthu ukuperekedwa pamsonkhano, wopereka akumwetulira pachithunzi. Mzungu akangoti chinthu n'chokongola, ife manja ayamba kale kukulunga. Kodi ndi ulemu umenewu, kapena ndi mantha oti tikapanda kupereka sadzabweranso?

Lachitatu ndinapita kukaona ankhazi. Atha chomene, mawu akuchita kuwakoka. Adokotala anatiuza kuti tidziwitse abale akutali. Ndikutsanzika anandigwira dzanja.

"Nsalu ija ukaiyanike padzuwa, mwana wanga, ingamve chinyezi. Ndikuona ngati ifunika."

Ndinangoti yewo, ankhazi. Ndinatuluka m'wodimo ngati wakuba, chifukwa ndinali wakubadi.

Alendowo anakwera ku Nyika kudzera pachipata cha Thazima, ndipo akatsika Loweruka akulunjika ku Lilongwe kukakwera ndege. Choncho Lachinayi nthawi yopuma ndinalowa mu ofesi ya aphunzitsi, onse ali pa tiyi. Ndinayamba mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Ndinafotokoza za ankhazi. Ndinapempha a Kachingwe kuti tikwere limodzi ku Nyika, iwo amene anapereka akanene okha kuti analakwitsa. Mafuta ndi anga, Chingelezi ndi chawo.

Anakana. Anati kulanda mphatso n'kochititsa manyazi sukulu yonse, ndipo alendowo analonjeza kuganizira za chipinda china chophunziriramo, sangaike zimenezo pachiswe chifukwa cha chisanza. Anati akagula nsalu yoyera yatsopano ku Mzuzu, yaitali kuposa ijayo. Nditakana, anaika kapu pansi n'kundiyankhula ngati mwana wa m'kalasi mwawo.

"Iwe Mhango, zinthu za mbiri sungazimvetse, unalekera panjira. Ku Amereka ikakhala m'galasi, anthu ambiri akaiona. Kwanu kuno ikanangodyedwa ndi makoswe."

Aphunzitsi awiri anaseka. Ena anayang'ana m'makapu mwawo.

Amene amandidziwa akudziwa kuti dzanja langa limafulumira kuposa pakamwa. Ndinaliika m'thumba, chifukwa ndikanagona kupolisi, ku Nyika akanapita ndani? Ndinatenga chipewa chachiwiri cha njinga, chija amavala kasitomala, n'kuchiika patebulo pawo, pamwamba pa makope a ana.

"Aphunzitsi, ine ndinalekera Folomu 1, n'zoona. Koma sindinaperekepo chinthu cha mwini kuti andiombere m'manja. Mawa m'mawa ndikukwera ku Nyika, ndikagwada pamaso pa mzunguyo ndi Chingelezi changa chothyokachi. Chipewa ndi icho. Mukapanda kuchivala, ndipo ine ndikabwerako chimanjamanja, tsiku la ankhazi mudzabwere. Mudzaime kutsogolo kwa bokosi, mudzawauze a Mhango onse chaka chimene Amereka analowa nkhondo, tidzaone ngati chakacho chidzafunde ankhazi."