Mpiru wa Amayi Umene Ndinazula

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawononga mbewu ya amayi anga ndi manja angawa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira tsikulo, mtima umandiwira.

Tinali titangobwera kumene kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Kwathu ku Mongue tinapeza nyumba itapsa, munda utasanduka thengo. Koma m'dimba, m'mphepete mwa kamtsinje, amayi anapezamo mpiru umene anausiya pothawa. Zaka zonsezo unkangodzifesa wokha, n'kumacheperachepera, mpaka unasanduka kachitsamba kosafika m'bondo, ka timasamba tokhakhala, towawira pang'ono. Amayi anagwada pomwepo n'kuyamba kuulambulira ndi manja. Tinkathyolako pang'ono chabe. Wotsalawo anati tiusiye uchite maluwa kuti tipeze njere.

Kuzizira kutatha, mpiru uja unatulutsa timaluwa tachikasu, ting'onoting'ono, tonunkhira ngati uchi. Sabata yomweyo aphunzitsi athu, bambo Alberto, anatiuza kuti aliyense abweretse duwa kuti tiphunzire ziwalo zake. Anzanga anakathyola maluwa ofiira aakuluakulu kumpanda wa tchalitchi. Ine ndinatenga kanthambi ka mpiru, ndikunyadira.

Aphunzitsi anakanyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anandifunsa m'Chipwitikizi kuti n'chiyani. Dzina lake m'Chipwitikizi sindinkalidziwa, choncho ndinati, "Mpiru." Rula inatera pazala zanga, chifukwa Chinyanja chinali choletsedwa m'kalasi.

"Capim!" anatero, kutanthauza udzu. Ndipo anauza kalasi yonse kuti ife obwera kumene tinazolowera kupemphetsa kumisasa, tsopano tayamba kudya msipu ngati mbuzi. Anakaponya pawindo. Ana onse anaseka, ena akulira mee, mee. Theka la osekawo linali la anzathu amene tinkaima nawo pamzere umodzi polandira ufa.

Titaweruka sindinafike kunyumba. Ndinalunjika kudimba. Ndinazula mpiru wonse, phata lililonse, n'kuupondaponda m'matope. Timakoko tanjere tinali tikadali tanthete, tobiriwira. Ndinkadziwa bwinobwino zimenezo, koma ndinazulabe.

Amayi anandipeza pomwepo atasenza ndowa yothirira. Anaitula pang'onopang'ono. Ndinadikira ndodo, koma sinabwere.

"Rozita, wakutuma ndani?"

Ndinafotokoza ndikusisima, n'kuwaonetsa zala zotupa.

"Ndiye wakutukwana ndi mphunzitsi, koma wazulidwa ndi mpiru? Unakulakwira chiyani? Asilikali anausiya, moto unausiya, lero aumalize ndi mwana wanga wobereka ndekha?"

Sanandilankhulenso tsiku lonselo.

M'mawa mwake anamanga mpiru wofotawo ndi luzi n'kundisenzetsa pamutu. Tinayenda ulendo wonse wa kusukulu, iwo patsogolo, ine pambuyo, matope akundidonthera m'khosi. Analowa m'kalasi osaodira, n'kundiuza kuti nditule mtolowo patebulo la aphunzitsi.

"Bambo aphunzitsi, ndilankhula chathu, Chipwitikizi sindinaphunzire. Udzu wanu uja ndi uwu. Mwanayu akalephera masamu, mumenyeni, sindibwera. Koma inu mwamuphunzitsa kunyansidwa ndi chakudya cha kwawo, ndipo wakhoza. Onani mmene wakhozera."

Bambo Alberto anayang'ana kukhomo, kenako anati, "Mayi, musakwiye, ndimangocheza ndi ana."

Ananena zimenezo m'Chinyanja chomveka bwino, chathu chomwechi, chopanda n'chilema chomwe. Munthu amene anatupitsa zala zanga chifukwa cha liwu limodzi anali atayamwa chilankhulo chomwecho. Mpiru ankaudziwa, ndipo mosakayika anakulira womwewo. Sanapepese. Titatuluka anatuma mtsikana wina kuti akataye mtolowo kudzala.

Tinayesa kuokanso mapata angapo amene anatsalira m'matope, koma onse anauma. Chaka chotsatira amayi ankayenda m'mphepete mwa kamtsinje kaja kufunafuna ngati pena pamera, osapeza kanthu. Anakagula njere za repu ku Muloza. Ndiwo za repuzo ankadya, koma ankati zimangomveka madzi. Za mpiru uja sanazitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa ndodo iliyonse.

Kwa zaka zambiri mkwiyo wanga wonse unali pa mphunzitsi uja, ndipo sindinama, sunathe. Sindikumukhululukira munthu wamkulu amene amasambira manyazi ake pa mwana. Koma tsopano, pokhala mayi wa ana atatu, ndikuona chimene amayi anandifunsa m'dimba muja. Mphunzitsi uja ananyozedwa kwinakwake, n'kudzatulira pa ine amene sindikanamubwezera. Ine ndinasenza zomwezo n'kukatulira pa chinthu chimene sichikanathawa. Mphunzitsiyo sanazule phata ngakhale limodzi. Anangondichititsa manyazi, ntchito yotsalayo ndinamugwirira ndekha, mwaulere.

N'chifukwa chake mwana wanga akabwera kunyumba atatupa ndi mkwiyo, akumenyetsa zitseko ndi kukalipira ang'ono ake, sindiyamba ndi kumudzudzula. Ndimamukhazika pansi kuti anditchulire dzina la amene wamupweteka. Akatchula, ndimavala nsapato, tipite kwa mwini wakeyo.