Bidawu la Mzere Wofiira

Fungo la mankhwala a fodya likandipeza, ngakhale lero, malovu amadzaza m'kamwa ndipo mtima umachita mseru. Ndi fungo lonyansa, ngati adyo wowola amene wagwera m'parafini. Limandibwezera ku Malowera, dzinja lomwe ndinali mu oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, pamene thobwa la kwathu linkanunkha motero ife n'kumangomwa.

Atate anayamba kulima fodya chaka chimenecho. Mankhwala ophera mbozi akatha, zigubu zake palibe ankataya. Chigubu chotere, chomwe kwathu timati bidawu, chinali chuma. Bidawu lake linali lolimba, chitsekerero chothina, losadontha ngakhale njinga igwe m'matope. Amayi ankalitsuka katatu ndi phulusa ndi mchenga, kuliyanika padzuwa, kenaka kuthiramo thobwa. Ine ndinkapita nalo kusukulu monyada. Mlongo wanga Rozinya, wa zaka zinayi, ankakonda kumwera pakamwa pake penipeni, n'kumanyambita ndi chitsekerero chomwe.

Mwezi wathunthu mwanayo ankangosanza. Mphasa yake inkanunkha chisasa, ntchentche zili wiriri, ndipo wokachapa kudambo ndinali ine, nditatseka mphuno. Ena ankati ndi njoka za m'mimba, ena ankati wapondetsedwa mankhwala a ufiti. Iye ankangowonda.

Phunziro la dezenyo, la zojambula, tinkaliyesa nthawi yopuma. Aphunzitsi ake, a Fulujensiyo, anali munthu wowonda wolankhula motsitsa, wokakamira kuti mtundu ndi chithunzi chilichonse pa katundu chinaikidwapo kuti chinene kanthu. Tsiku lina anatiuza kubweretsa chinthu cha kunyumba chokhala ndi zojambula. Anzanga anabweretsa zitenje, mapepala a sopo, thumba la mbewu. Ine, ulesi, ndinangoika bidawu langa patebulo, thobwa lili momwemo.

Anatsegula, ananunkhiza, nkhope n'kukwinyika. Sanakalipe. Analoza mzere wofiira wa m'munsi mwa bidawulo, kenaka chigaza cha mafupa awiri opingasa, nandifunsa tanthauzo. Ndinayankha monga atate ankanenera, kuti mankhwalawo ndi amphamvu, amapha mbozi mpaka mafupa. Kalasi yonse inavomereza.

"Mbozi ili ndi chigaza, Domingu?" anafunsa. "Yang'anitsitsa. Chigaza ichi n'cha ndani?"

Ndinayang'ana maenje a maso, mano ali pamtunda. Chinali cha munthu. Pambali pake panali kachithunzi ka bidawu lobooledwa ndi msomali, komwe kwathu tinkati kakutichenjeza kuti tisaliboole. Kunena zoona kankalamula kuti tiliboole, wina asadzamwerenso. Ndinakumbukira lilime la Rozinya pa chitsekerero chija. Ndinathamangira panja, thobwa lonse la m'mawa n'kubwerera pansi pa mthethe, anzanga ali pazenera.

Kunyumba atate anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, sukulu ya zojambulajambulayo ndiyo iphunzitse amako kutsuka ziwiya? Atsuka katatu!" Ananena izi akupukuta pakamwa, atangomwera m'bidawu lina. Ndinanyansidwa nawo, atate anga ondibala, mpaka kulephera kudya nawo mbale imodzi.

Mawa lake atate atapita kumunda ndinaotcha msomali pamoto ndi kuboola mabidawu onse anayi, pansi ndi m'mbali. Pulasitiki inkasungunuka, utsi wake ukundikanda kukhosi. Madzulo ndinalawa chubu cha njinga kumsana, ndipo amayi sanandilankhule masiku atatu, poti anabwerera ku ndowa yawo yakale yodontha. Patapita milungu ingapo Rozinya analeka kusanza. Atate anati yagwira ntchito ndi mizu yomwe azakhali anabweretsa kuchokera ku Chipera, ndipo sanasinthe mawuwo mpaka imfa yawo.

Nthawi imeneyo ndinkati atate ndi ouma mutu, basi. Lero mseru udakalipo, koma suloza iwo. Anakulira ku Zambia pothawa nkhondo, sanakhalepo m'kalasi ndi tsiku limodzi lomwe. Chigaza chija ankachiona m'mawa uliwonse popita kukapopera, manja ali osavala kanthu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wowafunsa kuti n'cha ndani.